Kiyibodi Ikapanda Kuyankha Moni wa M'mawa

Makompyuta akale ali ndi uthenga wina umene umaseketsa munthu ngakhale atakwiya. Mwayatsa makina, fani yayamba kulira, kenaka pa sikirini yakuda pabwera mawu a Chingerezi onena kuti kiyibodi yavuta kapena palibe, ndipo kuti mupitirire dinani batani la F1. Koma batani la F1 lili pa kiyibodi yomweyo imene makinawo akuti sakuiona. Mudina, mudinanso, mumenya ndi chala chapakati, koma zii.

Kwa Nthache, monganso m'madera ena a boma la Mwanza, makompyuta ambiri amene akugwira ntchito anayamba atumikira kwina. Ena ndi ma Dell ndi ma HP amene anapuma m'maofesi a kunja n'kubwera ngati mphatso ku sukulu, ena anabwera ndi abale ochokera ku Joni, m'katundu wodutsa pa chipata cha Mwanza. Amene amawagwiritsa ntchito ndi mphunzitsi wokonzekeretsa ana mayeso a MANEB, mlembi wa mpingo, ndi mnyamata wa kashopu kotayipa makalata. Makina akavuta, mmisiri ali ku boma, ndipo akalephera iye ndiye kuti ulendo wa ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Kumanga kompyuta pa kabaza chifukwa cha kiyibodi n'kuwononga ndalama ndi tsiku, chifukwa kawirikawiri kiyibodiyo imakhala isanafe. Chimene chalephereka ndi kulonjerana kumene kumachitika m'kanthawi kosakwana sekondi imodzi makina akangoyaka. Mukadziwa mmene kulonjeranako kumayendera, mudziwanso pamene kwadukira.

Tiyerekeze mudzi wa mbumba imodzi, nyumba zingapo zoyandikana, pa tsiku lothyola manachesi galimoto ya ogula isanafike. Amalume, amene ndi mwinimbumba, adzuka m'mbandakucha n'kuyamba kuzungulira makomo. "Odi kuno! Mwadzuka bwanji, achemwali?" M'nyumba muyankha, "Tadzuka bwino, achimwene, kaya inu?" Apita khomo lina, chimodzimodzi. Pomaliza afika pa gowelo la m'mphepete mwa msewu, pamene amagona mwana wa achemwali awo, mnyamata amene amalandira alendo ndi kubweretsa mauthenga onse ochokera kunja. Ameneyu akapanda kuyankha, amalume sangalamule kuti ntchito iyambe, pakuti ogula akafika adzalankhula ndi ndani? Amaima pabwalo n'kunena kuti pano pali vuto.

Amalume a m'kompyuta ndi kapulogalamu kotchedwa BIOS, kamene kamakhala m'kachipangizo kake pa bolodi lalikulu la m'kati, lija amisiri amati motherboard. Iko kamadzuka Windows isanadzuke. Kuzungulira makomo kuja dzina lake ndi POST, ndipo mwambowu unalipo kale pa kompyuta ya IBM PC ya mu 1981, kholo la makina amene tikugwiritsa ntchito lero. BIOS imafunsa memore, ifunsa mbali yoonetsa zithunzi, ifunsa ma disiki, ifunsanso kiyibodi, imene ili ngati mnyamata wa pa gowelo uja.

Kiyibodi nayo si thabwa la mabatani chabe. M'kati mwake, pafupi ndi pamene chingwe chimalowera, muli kachipangizo koganiza kakekake. Kakangolandira magetsi a mavoti 5 kuchokera ku kompyuta, kamadziyeza kokha, kamayatsa tinyale titatu ta Num Lock, Caps Lock ndi Scroll Lock, kenaka n'kutithimitsa. Zonse zikakhala bwino, kiyibodi ya chingwe chakale imatumiza chizindikiro cha AA, kumene kuli kuyankha kuti "Ndadzuka bwino, amalume." Ikadzipeza ndi vuto imatumiza FC. Inu simuona zizindikirozi, koma tinyale tija mumationa, ndipo ndi pamene kufufuza kumayambira.

Tinyale titatu

Zimitsani kompyuta, ikani maso pa ngodya ya kumanja ya kiyibodi, ndipo yatsaninso. Ngati tinyale taphethira kamodzi, ndiye kuti magetsi akufika ndipo kachipangizo ka m'kati kali moyo. Mnyamata wadzuka. Ngati palibe ngakhale kamodzi kamene kayaka, makamaka pa kiyibodi ya mutu wobulungira, ganizani za chingwe, pobayira kapena magetsi, osati mabatani.

Kenaka dinani Num Lock kapena Caps Lock. Anthu ambiri amaganiza kuti batani limeneli limayatsa lokha kanyale kake, monga swichi ya pakhoma imayatsira babu. Sizili choncho. Mukadina, uthenga umapita ku kompyuta, ndipo kompyutayo ndiyo imabweza lamulo loti kanyale kayake. Choncho kanyale kakayaka ndi kuthima motsatira chala chanu, mwatsimikiza zinthu ziwiri nthawi imodzi: mawu a mnyamata akufika kwa amalume, ndipo a amalume akufika kwa mnyamata. Kakaphethira poyatsa makina koma n'kukana kumvera chala chanu pambuyo pake, ndiye kuti mnyamata ali maso koma awiriwa sakumvana.

Pamene m'gowelo muli zii

Munthu akapanda kuyankha moni sitithamangira kulira maliro. Timayamba taona ngati tagogoda pa khomo loyenera. Makompyuta akale ali ndi timabowo tiwiri tobulungira kumbuyo, tofanana kukula ndi maonekedwe, totchedwa PS/2 potengera makina amene IBM inatulutsa mu 1987. Kena n'ka kiyibodi, kena n'ka mausi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 opanga makina anagwirizana zopaka mitundu: kofiirira kooneka ngati duwa la jakaranda n'ka kiyibodi, kobiriwira n'ka mausi. Munthu wobaya chingwe mopapasa kumbuyo kwa tebulo, m'chipinda cha mdima, amasemphanitsa mosavuta, ndipo mitu yonse iwiri imalowa bwinobwino m'malo olakwikawo popanda kukana.

Zulani chingwe, muyang'ane m'mutu mwake powala. Muli tizitsulo 6 ndi kapulasitiki kotsogolera pakati. Mwa tizitsulo timeneti, 4 ndito timagwira ntchito: kamodzi ka magetsi, kena kobweza magetsiwo, kena kosunga nthawi ya kulankhulana, kena konyamula uthenga. Kamodzi kakapindika chifukwa wina anakankha mutuwo mokhotetsa, nkhani yathera pomwepo. Kopindika kamawongoka mukakakankha pang'onopang'ono ndi kapanira kakang'ono kapena nsonga ya sikuludiraiva yopyapyala. Mukachita mwaphuma kathyoka, ndipo kothyoka sikalumikizika. Onaninso m'kabowo ka kompyuta, chifukwa nthawi zina kapulasitiki kotsogolera kaja kamathyokera momwemo n'kutseka njira.

Tsatani chingwe chonse ndi zala kuyambira kumutu mpaka ku kiyibodi. Makoswe amakonda zingwe, mwendo wa mpando umazipsinja, ndipo malo amene chingwe chimapindikira tsiku ndi tsiku, polowera m'kiyibodi, timawaya timadukira m'kati khungu lakunja lili bwinobwino. Ngati tinyale timayaka ndi kuthima pamene mukugwedeza chingwe, mwapeza pamene njira yadukira.

Pali lamulo limodzi la PS/2 limene ambiri ozolowera ma fulashi saalidziwa. Amalume amazungulira kamodzi kokha. Mnyamata akabwera iwo atadutsa kale, tsiku limenelo sawerengedwa. Kiyibodi ya mutu wobulungira imayenera kubayidwa makina ali ozima, kenaka n'kuyatsa. Mukaibaya kompyuta ili kale pa moto, kawirikawiri siidziwika mpaka mutayatsanso, ndipo pa makina ena akale mchitidwewu umatha kupsereza fyuzi yoteteza kabowoko.

Pamene mnyamata akungolongolola

Vuto lina n'losiyana ndi loyambali. Amalume agogoda, ndipo asanamalize n'komwe moni, m'nyumba mukutuluka mawu amodzimodzi mobwerezabwereza, osapereka mpata. Ili ndi batani lokanirira. Kompyuta imaona kuti batani lina ladinidwa nthawi imene palibe amene akanayenera kudina, ndipo imaima n'kudandaula za kiyibodi. Makina a IBM ankalemba nambala 301, ndipo batani likakanirira ankaika patsogolo pake chizindikiro cha batanilo. Makina ena amangolira kuti pi-pi-pi osalekeza. Kulirako kuli ndi chifukwa chake: BIOS ili ndi kamalo kosungira mabatani 15 okha amene sanawerengedwe, ndipo kakadzaza, lililonse lobwera pambuyo limakanidwa ndi kulira kumeneko.

Yambani ndi zoonekeratu. Buku la rejisitala limene latsamira pa ngodya ya kiyibodi ndi lokwanira kuimitsa makina onse. Mukachotsa zimenezo, yendetsani chala pa mabatani onse, mzere ndi mzere, kumvetsera limene silikubwerera msanga kapena limene lakhala pansi kuposa anzake.

Kuti mumvetse chimene chimakaniriritsa, dziwani zimene zili pansi. Makiyibodi ambiri otsika mtengo ali ndi kamphira kotukuka pansi pa batani lililonse, ndipo pansi pa timphirato pali mapepala atatu a pulasitiki osanjikizana. La pamwamba ndi la pansi ali ndi tinjira ta magetsi tojambulidwa, la pakati lili ndi timabowo ndipo ntchito yake n'kulekanitsa awiriwo. Mukadina, kamphira kamakankha pepala la pamwamba kuti likhudze la pansi kudzera pa kabowo. Tinjirato tinalukidwa m'mizere yopingasa ndi yotsika, n'chifukwa chake nthawi zina mabatani angapo amafa limodzi: kanjira kamodzi kakaduka, onse odalira iko amatha mawu.

Adani a mapepala amenewa timakhala nawo tsiku ndi tsiku. Fumbi la mwezi wa Okutobala limalowa paliponse. Nyenyeswa za mandasi zimaitana nyerere ndi mphemvu. Chinyezi cha nthawi ya dzinja chimalowa pakati pa mapepala n'kulumikiza tinjira tosayenera kukhudzana, ndipo kiyibodi imene imavuta m'mawa wa mvula koma n'kuchira dzuwa likakwera imakhala ikukuuzani zimenezi. Choopsa kwambiri ndi chamadzimadzi chokhala ndi shuga, kaya tiyi, kaya madzi a nachesi amene wina amasenda ali pa tebulo. Madziwo amauma, koma shuga amatsala n'kumata.

Zulani kiyibodi, itembenuzeni, muigogode pang'ono kumsana kuti zinyalala zigwe. Pitani pakati pa mabatani ndi mswachi wakale wouma. Batani lomata litukuleni ndi nsonga ya sikuludiraiva, mulitsuke palokha, mupukute malo ake ndi kansalu konyowetsa pang'ono ndi spiriti. Musanazule mabatani ambiri, jambulani kiyibodiyo ndi foni kuti musadzasokoneze pobwezera, ndipo batani lalitali la mpata mulisamale chifukwa lili ndi kawaya kolichirikiza pansi. Ngati munatayikira tiyi, masulani tisikuluwu ta kumsana, mutulutse mapepala aja mosamala, muwapukute mosakhula kuti tinjira tisafufutike, ndipo muwaumike pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa la phwee kapena pafupi ndi mbaula. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa pofulumira kubwezera zinthu zisanaume. Kuona maso a nkhono n'kudekha: dikirani tsiku lathunthu kapena awiri.

Pamene zinenero zasiyana

Ife a m'malire tikudziwa kuti munthu akhoza kukhala wamoyo, wathanzi, wolankhula bwino, koma osamvana ndi mnzake chifukwa wina akuyankhula Chipwitikizi cha ku Zobue pamene winayo sanachiphunzire. USB inabwera mu 1996, ndipo chinenero chake n'chosiyana kotheratu ndi cha PS/2. BIOS ya makina a nthawi imeneyo ndi zaka zingapo zotsatira inakulira m'chinenero chakale. Kuti imve kiyibodi ya USB pamafunika womasulira, amene m'ndandanda wa zosankha za BIOS amalembedwa kuti USB Legacy Support kapena USB Keyboard Support. Womasulirayu akakhala wozimitsidwa, kiyibodi imagwira bwinobwino Windows ikadzuka, popeza Windows imadziwa chinenerocho, koma pa nthawi ya moni imakhala ngati palibe. Ndiye makina akaima n'kupempha F1, mwagwidwa.

Njira yotulukira ndi kubwereka kiyibodi ya mutu wobulungira, kuibaya makina ali ozima, n'kulowa m'BIOS. Pa ma Dell ambiri mumadina F2 makina akangoyaka, pa ma HP ndi F10, pa ena ambiri ndi Delete. Mukapeza mzere wa USB uja, usintheni ukhale Enabled, musunge, n'kutuluka. Bayani kiyibodi ya USB kumbuyo kwa makina, pa timabowo tomamatira ku bolodi lalikulu, osati kutsogolo kumene kumadalira kachingwe ka m'kati kamene kamatha kusomoka, ndiponso osati pa kachipangizo kochulukitsa timabowo. Pakakhala timabowo takuda ndi tabuluu, sankhani takuda: tabuluu ndi ta USB 3.0, ndipo Windows 7 ya mu 2009 siitidziwa popanda kuiwonjezera madiraiva.

Chenjeraninso ndi timitu tosinthira USB kukhala PS/2 timene timagulitsidwa motchipa. Tambiri mulibe chilichonse m'kati koma mawaya olumikiza. Timagwira ntchito pokhapokha kiyibodiyo ikhale yodziwa kale zinenero zonse ziwiri. Kuveka mlendo malaya a kwathu sikumuphunzitsa Chichewa.

Pamene vuto ndi amalume

Mnyamata akhoza kuyankha bwinobwino koma wofunsayo n'kukhala woiwalaiwala kapena wogontha. Zonse zimene munasankha m'BIOS, pamodzi ndi tsiku ndi nthawi, pa makina akale zimasungika ndi mphamvu ya kabatire kophwatalala ka CR2032, ka mavoti 3, kamene kali pa bolodi lalikulu. Kamakhala zaka zingapo, koma kamatha msanga pa makina amene amakhala nthawi yaitali osalumikizidwa ku magetsi, monga amene anasungidwa m'sitolo kudikira chipinda, kapena amene amadalira sola imene imazimitsidwa usiku uliwonse. Kakatha, kompyuta imadzuka itaiwala zonse: tsiku limabwerera ku chaka chakalekale, pa sikirini pamabwera dandaulo lotchula CMOS, ndipo womasulira wa USB amene munamuyatsa uja akhoza kubwerera pozima. Munthu amaloza chala kiyibodi pamene wolakwa ndi kabatire. Zulani chingwe cha magetsi kukhoma, tsegulani chivundikiro, gwirani chitsulo cha bokosilo kaye kuti magetsi a m'thupi mwanu achoke, kenaka sinthani kabatireko mbali yolembedwa + ili pamwamba. Bokosi la magetsi limene lili ndi fani kumbuyo musalitsegule, limasunga moto ngakhale mutazula kukhoma.

Kugontha kwenikweni ndi pamene kabowo ka PS/2 kafa, kaya fyuzi yake yapsa, kaya kachipangizo komvera kiyibodi ka pa bolodi kaonongeka, monga zimachitikira magetsi akabwera mwamphamvu pambuyo pa kuthima kapena chiphaliwali chikagwa pafupi. Pa makina okhala ndi BIOS ya kampani ya AMI, kulira kafupikafupi ka 6 poyatsa kumaloza ku kachipangizo kameneka. Ngati kabowo kokha ndiko kafa, makina sanathe ntchito. Kiyibodi ya USB ikhoza kulowa m'malo, ndipo ma BIOS ambiri akale ali ndi mzere wa Halt On umene mungausinthe kukhala All, But Keyboard, kutanthauza kuti amalume apitirize ntchito ngakhale pa gowelo sipanamveke yankho.

Pamene moni wadutsa koma nkhani ikusokonekera

Ngati kiyibodi ikulowetsani m'BIOS ndipo mivi yake ikuyenda bwino m'menemo, koma n'kuyamba misala Windows ikatseguka, isiyeni sikuludiraiva. Kiyibodiyo ilibe mlandu. Mukagwira batani la Shift la kumanja kwa masekondi 8, Windows imafunsa zoyatsa Filter Keys, imene inapangidwira anthu a manja onjenjemera ndipo imanyalanyaza kudina kwachangu. Mwana akavomera osawerenga, kiyibodi imaoneka ngati yafa. Pa laputopu zambiri zakale, Num Lock ikayaka, J, K ndi L zimatulutsa 1, 2 ndi 3.

Kumbukiraninso kuti kiyibodi situmiza zilembo. Imangotumiza nambala ya malo a batani, ndipo Windows ndiyo imasankha chilembo. N'chifukwa chake @ ndi " zimasinthana malo pamene kiyibodi ndi ya ku Britain koma Windows ikuyesa ya ku America. Kiyibodi yogulidwa ku Tete ili ndi Ç pafupi ndi L, ndipo Windows ikakhala pa kalembedwe ka ku America batani limenelo limatulutsa chizindikiro cha ; m'malo mwake. Zonsezi zimakonzedwa ndi mausi m'malo osankhira chinenero. Ngati mwatsekeredwa pa khomo la pasiwedi, Windows 7 ndi zotsatira zake zili ndi kachizindikiro pangodya ya m'munsi kamene kamatulutsa kiyibodi ya pa sikirini, yodina ndi mausi.

Kusinthanitsa

Mayeso amene amathetsa mkangano safuna chida chilichonse koma mnansi. Tengani kiyibodi yokayikitsayo mukaibaye pa kompyuta ina imene ikugwira bwino, ndipo kiyibodi ya kumeneko muibweretse pa yanu. Vuto likatsatira kiyibodi, ndiye ndi kiyibodi kapena chingwe chake. Likatsala pa makina anu, ndiye ndi kabowo, kabatire kapena zosankha za BIOS. Pa laputopu, bayani kiyibodi ya USB. Ikagwira ntchito, vuto lili pa kiyibodi ya m'kati kapena pa kalamba kopyapyala kamene kamailumikiza ku bolodi, ndipo ngati ya m'katiyo ili ndi batani lokanirira, kalambako kayenera kusomoledwa kuti ileke kulowerera. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, apo ayi makina adzachira inu osadziwa chimene chawachiritsa, ndipo mawa lake mudzayambiranso pachiyambi.

Sukulu kapena shopu imene ili ndi makina akale ichite bwino kusunga m'kabati kiyibodi imodzi ya mutu wobulungira yodziwika kuti ndi yabwino, pamodzi ndi kabatire ka CR2032 kosatsegula. Makiyibodi a PS/2 akusowa m'masitolo chaka ndi chaka, choncho yakale imene ikugwirabe ntchito isatayidwe chifukwa choti yada. Mukaweruka, vundikirani kiyibodi ndi kansalu, ndipo tiyi ndi manachesi zizidyedwera pa tebulo lina.

Zonsezi zikakanika, muimbireni mmisiri musanakwere kabaza, ndipo mumuuze zinthu zinayi: ngati tinyale timaphethira poyatsa, mawu enieni olembedwa pa sikirini kapena kuchuluka kwa kulira, ngati tsiku la pa makina lili lolondola, ndi zimene zinachitika mutasinthanitsa makiyibodi. Ndi mayankho amenewo mmisiri wodziwa ntchito yake adzakuuzani pa foni pomwepo ngati muyenera kubweretsa bokosi lonse, kapena kungogula kiyibodi ina ndi kabatire ku boma n'kubwerera kwanu tsiku lomwelo.